Kachirombo kalibe manja ngakhale mano, nanga kamalowa bwanji m'selo?

Tsiku lina tikumaliza phunziro la chitetezo cha m'thupi, mtsikana wina wa Fomu 3 anakweza dzanja belu litalira kale. Anzake anali atayamba kulongedza makope, ena maganizo ali kale kumsika wa pa Nsanama. Iye anati: "Sala, katemera wa korona anapezeka chaka chisanathe. Edzi takhala nayo zaka pafupifupi 40. Ndiye kuti katemera wake alipo koma akutibisira, eti?"

M'kalasi munangoti zii. Ndinadziwa kuti funso limeneli silinachokere m'buku. Pafupifupi m'kalasi iliyonse mumakhala wina amene kwawo kuli munthu womwa ma ARV, kapena iye mwini anabadwa nako kachirombo ndipo amamwa mankhwala ake mwakachetechete. Komanso masamu a mtsikanayo anali olondola. Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'Malawi muno anadziwika mu 1985. Korona inalengezedwa kuti yafika pa 2 Epulo 2020, ndipo pofika Malichi 2021 katemera anali atatsika kale ndege ku Lilongwe.

Tsiku limenelo ndinayankha mothamanga ndipo ine mwini sindinakhutire. Ndiye lero tiyeni tiliyankhe bwinobwino. Yankho lake lagona pa kanthu kamodzi kakang'ono zedi: maonekedwe a puloteni imene ili kunja kwa kachirombo.

Chofunda chakuba

Vairasi ya HIV ndi yaing'ono moti mutandandalika 10,000 pamzere umodzi, mzerewo ungangokwana pafupifupi milimita imodzi pa rula yanu. Payokha siidya, siipuma, siiswana. Kuti ichulukane iyenera kulowetsa malangizo ake, amene ali mu RNA, m'kati mwa selo lamoyo, kuti selolo liyambe kugwira ganyu yopanga mavairasi ena.

Mavairasi ena, monga wa poliyo, amayenda ndi chigoba cha puloteni chokha basi. Koma HIV, chimfine, chikuku ndi korona ali ndi chofunda china pamwamba pa chigobacho. Mu Chingerezi amachitcha envelope. Chofundachi vairasi siidzipangira. Ikamatuluka m'selo limene yabadwiramo, imadzikulunga ndi kachidutswa ka kakhungu ka selolo n'kuduka nako. Kakhungu kameneka ndi kamene m'makope anu a Biology munalemba kuti cell membrane, ndipo ndi kopangidwa ndi mafuta oyalidwa pawiri. Choncho chofunda cha vairasi ndi chakuba, ndipo ndi cha mafuta ofanana ndi a maselo athu.

Chinthu choonekera kwambiri pa chofundacho chimene chimachokera m'malangizo a vairasi yeniyeniyo ndi timinga totuluka kunja. Timinga timeneti ndi mapuloteni. Pa zithunzi za korona zimene zinali m'mapositala a kuchipatala, ndi timinga tija tozungulira mpira wonse.

Vuto limene vairasi ili nalo

Mwina wina anena kuti, popeza chofunda ndi cha mafuta ndipo kakhungu ka selo nakonso ndi ka mafuta, zikakumana zingosakanikirana ngati madontho awiri a mafuta pamwamba pa msuzi. Ayi, sizophweka choncho. Mbali yakunja ya kakhungu kalikonse imakonda madzi ndipo imawagwira zolimba. Timakungu tiwiri tikayandikana kwambiri, madzi apakatipo safuna kuchoka, ndipo timakankhana. N'chifukwa chake maselo a m'magazi anu amagundana tsiku lonse koma sasanduka chimselo chimodzi.

Kuti vairasi ilowe pamafunika zinthu ziwiri. Iyenera kupeza selo loyenera n'kuligwira. Kenako iyenera kupeza mphamvu yokokera timakungu tiwirito pamodzi mpaka titalumikizana. Koma vairasi ilibe minofu, ilibe mitochondria, ilibe ATP yogwiritsa ntchito pakhomopo. Mphamvuyo iitenga kuti?

Diwa lotcheratchera

Amene munakumbako kapena kutcherako mbewa mukulidziwa diwa. Mumatenga mwala wafulati, kuudzutsa mbali imodzi, kuuchirikiza ndi kamtengo, n'kuika nyambo. Mwalawo ukhoza kukhala choncho usiku wonse. Mbewa ikangokhudza nyambo, kamtengo kamasuntha, mwala phwa! Tsopano taganizani: mphamvu yogwetsa mwala inachokera kwa mbewa? Ayi. Munaiikamo ndinu pamene munkadzutsa mwala uja. Mbewa yangoimasula. Ndipo diwa likagwa, lagwa. Silingadzitchere lokha kachiwiri.

Munga wa HIV umagwira ntchito chimodzimodzi. Selo logwidwa ukapolo lija limapanga puloteni yaitali yotchedwa gp160. Zilembo za gp zikutanthauza puloteni yokhala ndi shuga, ndipo nambalayo ikunena za kulemera kwake. Enzyme ya selo lomwelo, dzina lake furin, imadula gp160 pawiri, n'kukhala gp120 ndi gp41. Zidutswa ziwirizi sizitayana. gp41 imakhala pansi, itazikika m'chofunda, yopindidwa mokakamiza. gp120 imakhala pamwamba pake n'kuitsekereza. Munga umodzi umapangidwa ndi ma gp120 atatu ndi ma gp41 atatu.

Ndiye gp41 ndi mwala wodzutsidwa uja, gp120 ndi kamtengo kochirikiza. Vairasi imatuluka m'selo diwa lili lotchera kale.

Mmene HIV imalowera

Apa tiyende pang'onopang'ono, chifukwa mpamene pali nkhani yonse.

1. Kugwira koyamba. Pamwamba pa maselo ena oyera a m'magazi pali puloteni yotchedwa CD4. Dzina limeneli munalimvapo kuchipatala akamanena za kuyeza CD4, ndiye kuti akuwerenga maselo okhala ndi puloteni imeneyi. Pa gp120 pali kadzenje kamene maonekedwe ake amakwanirana ndi CD4. Zikakumana zimagwirana.

2. Kutseguka. Kugwirana kumeneku kumapotoza gp120. Munga umene unali wotsekeka ngati chibakera umayamba kufunyulula zala, ndipo malo amene anali obisika m'kati amaonekera.

3. Kugwira kwachiwiri. Malo oonekerawo amagwira puloteni ina ya paselo pomwepo, kawirikawiri CCR5, nthawi zina CXCR4. Tinene kuti khomo ili lili ndi maloko awiri, ndipo kiyi wachiwiri saoneka mpaka loko woyamba atatseguka.

4. Kubaya. Tsopano kamtengo kachoka. gp41 imatambasuka n'kuponya nsonga yake kutsogolo. Nsonga imeneyi imadana ndi madzi, choncho imathawira m'mafuta a kakhungu ka selo n'kuzikika momwemo. Panthawiyi gp41 ili ngati mlatho: phazi lili m'chofunda cha vairasi, mutu uli m'kakhungu ka selo.

5. Kupindika. Mlathowo sukhalitsa. gp41 imapindika pakati ngati mpeni wa okapi ukamatsekedwa, mutu ndi phazi n'kubwera pamodzi. Popeza mutu wagwira selo ndipo phazi lagwira vairasi, timakungu tiwiri tija timakokedwa mwamphamvu mpaka madzi apakati atachoka. Ma gp41 atatu aja akapindika onse amapanga mtolo wolimba wa timizere 6 topotana, umene akatswiri amautcha six-helix bundle. Maonekedwe a mtolo umenewu anaonedwa bwinobwino mu 1997.

6. Kuboola. Poyamba amalumikizana ndi mafuta a m'mizere yakunja yokha. Kenako mizere yam'kati nayo imalumikizana, n'kutseguka kabowo. Kabowoko kamakula, ndipo chigoba chonyamula RNA chimagwera m'kati mwa selo. Chofunda chija chimangosanduka mbali ya kakhungu ka selo latsopanolo. Kulumikizana kumeneku ndiko kumatchedwa fusion.

Mwaona? Palibe pamene vairasi yang'amba selo mwankhondo. Zonse zachitika chifukwa puloteni yasintha maonekedwe, kuchoka popindidwa mokakamiza kufika pamene yakhazikika. Ndipo ngati munga wafwamphuka nthawi isanakwane, vairasi ili patali ndi selo, munga umenewo watha ntchito.

Umboni woti loko wachiwiri ndi wofunikadi ulipo. Mu 1996 akatswiri anazindikira ntchito ya CCR5, ndipo anapezanso kuti anthu ena amabadwa opanda CCR5 pamaselo awo chifukwa jini yake ikusowa zilembo 32. Kumpoto kwa Ulaya ndi pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 100 alionse, koma kuno ku Africa sizipezekapezeka. Anthu oterewa mitundu yambiri ya HIV imalephera kuwalowa. Timothy Ray Brown, amene anali ndi HIV komanso khansa ya m'magazi, mu 2007 ku Berlin anamuika maselo opanga magazi ochokera kwa munthu wotere, ndipo kachirombo sikanabwererenso. Koma chithandizo chimenechi n'choopsa kwambiri moti chikhoza kupha, ndipo anachita naye chifukwa cha khansayo. Si njira yochizira anthu onse. Chimene chinatiphunzitsa n'chakuti khomo likasowa, vairasi imagona panja.

Chimfine ndi korona: diwa lomwelo, nyambo zosiyana

Munga wa vairasi ya chimfine dzina lake ndi haemagglutinin. Chilembo cha H mu dzina loti H1N1 chikuimira iwowo. Umagwira mtundu wina wa shuga umene uli pamaselo a m'mphuno ndi pakhosi, koma sufwamphuka pomwepo. Selo limameza vairasi yonse n'kuiika m'kathumba, ndipo m'kathumbamo limathiramo asidi. pH ikatsika kufika cha m'ma 5, munga umatambasuka, kubaya khoma la kathumbako, kupindika, basi vairasi yatulukira m'kati mwa selo. Apa chogwetsa mwala ndi asidi.

Munga wa korona, umene umatchedwa spike, umagwira puloteni ya ACE2 imene imapezeka m'njira ya mpweya. Ukagwira, enzyme ya selo imaudulanso pena, ndiye umafwamphuka.

Mavairasi atatuwa si pachibale, koma onse amabaya, kupindika ndi kukoka. Chosiyana ndi khomo limene munga uliwonse umakwanirana nalo, ndipo khomolo ndi limene limanena kumene matenda agwire. Chimfine ndi korona zimapeza makomo awo m'njira ya mpweya, n'chifukwa chake timatsokomola. HIV imapeza khomo lake pa asilikali enieni a m'thupi, n'chifukwa chake imagwetsa chitetezo.

Tibwerere ku funso lija

Katemera amaonetsa thupi maonekedwe a munga nkhondo isanayambe, kuti thupi lipangiretu ma antibody. Antibody ikamatirira pamunga pamalo oyenera, munga sungagwire khomo kapena sungapindike, ndipo vairasi imalephera kulowa.

Pa korona, akatswiri sanayambire pansi mu 2020. Anali ataphunzira kale abale ake, SARS ya mu 2002 ndi MERS ya mu 2012. Vuto limene anakumana nalo linali la diwa lomwe lija: munga ukaupanga pawokha umafwamphuka msanga, ndipo thupi limaphunzira maonekedwe a diwa logwa kale, amene sathandiza kwenikweni. Gulu la akatswiri ku America, mmene munali Barney Graham, Jason McLellan ndi Kizzmekia Corbett, linapeza kuti kusintha ma amino acid awiri okha pamalo opindikira, n'kuikapo proline, kumachititsa munga kukhala chitcherere. Anayesa zimenezi pa MERS, zotsatira n'kutuluka mu 2017. Korona itabwera anangotenga nzeru yomweyo. Katemera wa Pfizer ndi wa Johnson & Johnson, amene anabayidwanso kuno kwathu, ali ndi kusintha kumeneku.

Nanga bwanji osachita chimodzimodzi ndi HIV? Akhala akuyesa kwa zaka zambiri, koma munga wa HIV ndi kathyali pa zifukwa izi.

Choyamba, wavala shuga. Pafupifupi theka la kulemera kwa gp120 ndi shuga, ndipo shugayo amamatidwapo ndi selo lathu lomwe. Asilikali a m'thupi akafika amaona ngati ndi mnzawo, ngati wakuba amene wavala yunifolomu ya pasukulu panu.

Chachiwiri, malo ofunika ndi obisika. Kadzenje kogwira CD4 kali pokumbika, pozunguliridwa ndi shuga. Malo ogwira CCR5 ndi nsonga ya gp41 zimaonekera kanthawi kochepa, vairasi itayandikira kale selo, pamene antibody imavutika kulowa chifukwa mpata ndi wochepa.

Chachitatu, minga ndi yochepa. Vairasi imodzi ya chimfine ili ndi minga mazanamazana. HIV ili ndi pafupifupi 10 kapena kuposerapo pang'ono, yotalikirana. Antibody ili ndi manja awiri ngati chilembo cha Y, ndipo imagwira zolimba ikagwira minga iwiri nthawi imodzi. Pa HIV nthawi zambiri imagwira ndi dzanja limodzi.

Chachinayi, imasintha msanga. Enzyme imene imakopera malangizo a HIV imalakwitsalakwitsa ndipo siibwerera kukakonza. Choncho mbali zoonekera za gp120 zimasinthasintha ngakhale m'thupi la munthu mmodzi. Thupi likamamaliza kupanga antibody ya munga wa mwezi watha, munga wa mwezi uno wasintha kale nkhope. Korona nayo imasintha. Omicron, imene akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anaizindikira mu Novembala 2021, inali ndi kusintha kopitirira 30 pamunga wake, ndipo inagwira ngakhale anthu obayitsa, ngakhale kuti katemera anapitiriza kuteteza ambiri ku kudwala kwakayakaya. Koma kusintha kwa HIV n'kwakukulu kuposa apa. Onjezerani kuti HIV ikangolowa imasokerera malangizo ake mu DNA ya selo, ndiye katemera wake ayenera kuitsekereza pakhomo penipeni, osapereka mpata ngakhale umodzi.

Pali chiyembekezo? Chilipo, ndipo Amalawi ali nawo m'nkhaniyi. Anthu ochepa amene akhala ndi HIV zaka zambiri amapanga ma antibody apadera otha kufika pamalo obisika aja. Imodzi mwa iwo, VRC01, imatseka kadzenje kogwira CD4. Inayesedwa pa kafukufuku wotchedwa AMP, ndipo amayi pafupifupi 1,900 a m'mayiko 7 a muno mu Africa anatenga nawo mbali, kuphatikizapo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ankabwera milungu 8 iliyonse kudzaikidwa diripi. Zotsatira zinatuluka mu 2021. Antibody imodziyo sinateteze ku mitundu yonse ya HIV, koma pa mitundu imene munga wake unkakwanirana nayo inateteza pafupifupi 75 peresenti. Phunziro lake linali lakuti njirayi imagwira, koma pafunika ma antibody angapo ogwira malo osiyanasiyana nthawi imodzi.

Kulinso mankhwala otseka pakhomo. Enfuvirtide, amene anavomerezedwa mu 2003, amalowa pakati pa gp41 ikadali yotambasuka n'kuiletsa kupindika, ngati kuika kamtengo pakati pa mpeni wa okapi. Maraviroc, wa mu 2007, amakhala pa CCR5 kuti gp120 isagwirepo. Ma ARV amene anthu ambiri amalandira m'zipatala zathu, amene boma linayamba kuwapereka mwaulere mu 2004, amagwira ntchito pena: amaletsa vairasi kukopera ndi kusokerera malangizo ake ikalowa kale. Amagwira bwino zedi munthu akamamwa tsiku lililonse.

Ndiye kwa mtsikana uja ndikuti: palibe amene wabisa katemera m'kabati. Munga wa HIV ndi umene wabisa malo ake ofooka.

Zimene zikutikhudza ife pano

Mukamvetsa za makomo ndi minga, mphekesera zambiri zimagwa zokha.

Udzudzu sufalitsa HIV. Mulibe maselo a CD4 m'thupi mwake, choncho vairasi siipeza khomo, imangogayidwa m'mimba mwake limodzi ndi magazi. Komanso udzudzu ukamaluma umalavulira malovu ake, osati magazi a munthu amene unamuluma poyamba. Malungo amadutsa chifukwa tizirombo take timakulira mu udzudzumo n'kupita kumalovu. HIV siingathe zimenezo.

Kupatsana moni wa pamanja, kukhala desiki imodzi, kubwerekana cholembera, kudyera mbale imodzi ya nsima, zonsezi sizipatsirana HIV. Kunja kwa khungu lanu kuli maselo akufa, olimba, opanda khomo la vairasi imeneyi. Mnzanu amene amamwa ma ARV palibe chifukwa chomusala. Amene amamusala ndiye sanamvetse Biology.

Sopo amathandiza kwambiri pa chimfine ndi korona chifukwa chofunda chija ndi cha mafuta. Sopo amachiphwasula, minga n'kubalalika, ndipo vairasi yopanda minga ilibe polowera. Vairasi ya poliyo, imene inapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe n'kulengezedwa mu Febuluwale 2022, ilibe chofunda, choncho sopo saiphwasula, amangoikokolola m'manja. N'chifukwa chake azaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi katemera wa madontho.

Koma apa mumvetsetse bwino. Kusamba ndi sopo pambuyo pogonana mosadziteteza sikuteteza ku HIV. Vairasi ikafika pa tinthu tofewa ta m'kati, sopo saipezanso. Ngati wina wagwiriridwa, kapena kondomu yaphulika, kapena wabayidwa ndi chinthu chokhala ndi magazi a munthu wina, apite kuchipatala msanga, maola 72 asanathe, akapemphe PEP. Kupita tsiku lomwelo ndiye kwabwino koposa. Musachite manyazi, ndipo ngati ndi mnzanu, muperekezeni.

Kayeseni kunyumba

Thirani madzi m'mbale yafulati, mudonthezeremo madontho awiri a mafuta ophikira motalikirana. Akankhireni pamodzi pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi. Nthawi zambiri amayamba agundana kaye osalumikizana. Tsopano zikani kamtengoko m'mphepete mwa dontho limodzi n'kukokera ku linzake, muone zimene zichitike. Pomaliza khudzani madziwo ndi chala chopaka sopo. Mafutawo mupemphe kaye kwa amayi, si otchipa masiku ano.

Mukatero yankhani mafunso atatu awa m'kope mwanu:

1. N'chifukwa chiyani munga wa HIV umene wafwamphuka vairasi isanafike paselo sungagwirenso ntchito?
2. Munthu wobadwa wopanda CCR5 ali ndi CD4 ngati wina aliyense. Pa masitepe 6 aja, vairasi ikakamira pa sitepe iti?
3. Mutapatsidwa mwayi wopanga antibody imodzi yolimbana ndi HIV, mungailozetse pa mbali ya gp120 imene imasinthasintha, kapena pa kadzenje kogwira CD4? Kumbukirani kuti CD4 yathu siisintha, ndiye ganizirani chimene chingachitikire vairasi itasintha kwambiri kadzenje kameneko.

Funso lachitatulo ndi limene akatswiri akulimbana nalo mpaka lero. Mtsikana wa Fomu 3 uja ndinamupatsa lomweli, ndipo m'mawa mwake anabwera atajambula munga wonse kuseri kwa kope la Agriculture, mivi itatu italoza malo atatu osiyana. Anati antibody imodzi siingakwane.